Kupempha Malo ku Yunivesite: Mau kwa Makolo ndi Ana a ku Kamitondo

Nkhani ya usiku uno iri ya makolo ndi ana a m'makomboni a ku Kitwe ndi ku Ndola, makamaka a ku Kamitondo, kumene caka ndi caka kumaturuka anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu ya sekondale amene mtima wao uli pa Yunivesite. Iri nkhani ya kapemphedwe ka malo m'masukulu akuru aja amene opempha amacuruka koma olandiridwa amacepa, ndiponso ya zinthu zimene zimagwetsa mwana wanzeru pakhomo peni-peni, atayenda kale ulendo wa zaka 12.

Munthu wocokera ku Kamitondo kunka ku Riverside, kumene kuli Yunivesite ya Copperbelt, sasowa kumanga kamba wa ulendo. Akwera basi kufika m'tauni, akweranso ina, ndipo dzuwa lisanasunthe kweni-kweni wafika pa mseu wa Jambo Drive. Koma alipo ana ambiri obadwira m'Kitwe amene anakula alikuona makoma a sukuluyo, osalowamo ndi tsiku limodzi lomwe. Ndipo si onse amene analephera cifukwa ca kusowa nzeru. Ena anasankha maphunziro olakwika akali ang'ono, ena anacedwa ndi mapepala, ena analandiridwa ndithu koma ndarama inasowa. Zambiri za izi ziri ndi mankhwala ace, munthu akazidziwa nthawi ikalipo.

Nkoyenera kuyamba ndi kukumbukira kumene njira iyi inacokera, pakuti ana a lero ayesa kuti Yunivesite inamera yokha ngati bowa wa pa culu. M'masiku a Northern Rhodesia m'dziko lonse munalibe Yunivesite. Mwana wa munthu wakuda amayamba Sub A ndi Sub B, nakwera masitandade kufikira Standard VI, ndipo pamenepo ambiri amatsikira, popeza masukulu a sekondale anali owerengeka pa zala. Sukulu ya Munali, ku Lusaka, inayamba makalasi a sekondale m'caka ca 1939, ndipo kwa nthawi yaitali inali ngati khomo limodzi la anyamata a dziko lonse. Atsikana ocepa amapita ku Chipembi. Mayeso otsiriza amacokera ku Cambridge, ku Mangalande, ndipo mapepala a ana amaoloka nyanja kukacongedwa komweko. Wopambana pamenepo amayembekeza cifundo ca Boma kapena ca amishoni kuti amtumize ku Makerere, m'dziko la Uganda, kapena ku Fort Hare, ku South Africa. Harry Nkumbula, amene anali mphunzitsi wamkuru pa sukulu ya ku Wusakile m'Kitwe momwemuno, anapita ku Makerere m'caka ca 1946, napitirira kunka ku London. Ulendo wotere m'masiku amenewo unali wa munthu mmodzi pakati pa khamu.

M'caka ca 1957 koleji ya Yunivesite ya Rhodesia ndi Nyasaland inayamba kuphunzitsa ku Salisbury. Koma iyo imatsata malamulo a Yunivesite ya London, ndipo imafuna kuti wolowa akhale atatsiriza Form VI napambana mayeso a Advanced Level. Ndipo popeza kumpoto kwa Zambezi makalasi a Form VI a ana akuda anali ocepa zedi, olowa kumeneko ocokera kuno analinso ocepa. Zotsatira zace zinaoneka pa 24 October 1964, tsiku la ufulu: dziko lalikuru lotere, la mkuwa wodziwika pa dziko lonse lapansi, linali ndi eni dziko a digiri ongopitirira pang'ono 100.

Akuru-akuru amene anagwira nchito ku Nkana ndi ku Mindolo adziwa bwino cimene ciwerengero ici cimatanthauza pansi pa mgodi. Nchito za pamwamba zinasungidwira Azungu. Cigwirizano ca anchito a m'migodi, cimene cinakhazikitsidwa m'caka ca 1949 motsogoleredwa ndi Lawrence Katilungu, cinamenyera malipiro ndi ulemu, ndipo pangano la caka ca 1955 linatsegulira anthu akuda zina mwa nchito zija zinali zoletsedwa. Komatu lamulo la khungu likacoka, lamulo la pepala limatsala. Munthu amatha kudziwa mwala uli wonse wa pansi, kumva ndi khutu denga limene liri pafupi kugwa, ndi kuphunzitsa Mzungu wobwera dzulo. Koma wopanda digiri samakhala injiniya.

Cifukwa ca ici, m'caka ca 1963 bungwe lotsogoleredwa ndi Sir John Lockwood wa ku London linafufuza za kumanga Yunivesite m'dziko muno, ndipo linapereka langizo limodzi limene ana a ku Kamitondo adya zipatso zace kwa zaka zambiri osadziwa mwini mtengo. Langizolo linali lakuti Yunivesite yatsopano ilandire ana ndi mayeso a Ordinary Level, osayembekeza Form VI monga ku Salisbury, ndipo caka cosowaco ciphunzitsidwe m'Yunivesite momwemo. Ena pa nthawiyo anaopa kuti digiri idzapepuka; koma kopanda langizo limeneli makalasi akadakhala ndi mipando yopanda anthu. Cotero Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa ku Lusaka m'caka ca 1966 ndi ophunzira 312, ndipo anthu wamba a m'matauni ndi a m'midzi anasonkha cimene anali naco, ndarama, mbuzi ndi nkhuku, kuti imangidwe. Nthambi yace imene inali ku Riverside ndiyo inasanduka Yunivesite ya Copperbelt m'caka ca 1987, ndipo sukulu yace ya udotolo inatsegulidwa ku Ndola m'caka ca 2011.

Panali njira inanso, ya kampani. ZCCM, imene inapangidwa m'caka ca 1982 pophatikiza makampani awiri a migodi, inatsegula sukulu ya Mpelembe ku Kitwe m'caka ca 1983 kuti ikonzere ana anzeru maphunziro a uinjiniya ndi a migodi, ndipo opambana ambiri inawalipirira ku Lusaka ndi ku Mangalande. Pamene migodi inagulitsidwa, ndipo Nkana inapita m'manja mwa Mopani m'caka ca 2000, makwerero amenewa sanakhalenso monga kale. Kamitondo, paja, siinali komboni ya mgodi monga Wusakile ndi Chamboli, koma ya kansolo monga Buchi ndi Chimwemwe; ndipo mwana wa kalaliki, wa telala kapena wa mai wogulitsa pa msika wa Chisokone anazolowera kale kukwera ndi mapepala ace okha, wopanda kampani yomgwira dzanja. Lero mwana wa mu mgodi ndi wa m'tauni aima pa mzere umodzi.

Tsono za mzere umenewo. Pa mayeso a Grade 12, amene amakonzedwa ndi bungwe la mayeso la Examinations Council of Zambia, phunziro liri lonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 kufikira 9. Nambala 1 ndi 2 ndizo zapamwamba koposa, 3 ndi 4 zitsatira, 5 ndi 6 ndizo zochedwa kirediti, 7 ndi 8 ndi kungopulumuka, ndipo 9 ndi kugwa. Anthu amaonkhetsa manambala a maphunziro 6 amene mwana wacita bwino koposa, Cingerezi ciri pomwepo, ndipo ciwerengero coturukaco ndico amacichula mapointi. Apa pamasokoneza makolo ambiri, cifukwa pa malipiro a ku nchito nambala yaikuru ndiyo yokoma, koma pa mapointi yaing'ono ndiyo yokoma. Mwana wa 1 m'maphunziro onse 6 ali ndi mapointi 6, ndipo palibe womposa. Wa 1, 1, 2, 2, 3 ndi 3 ali ndi 12. Wa kirediti yotsika m'onse ali ndi 36, ndipo ngakhale satifiketi yace iri yoona, mzere umene ali kuima uli wautali kwambiri.

Mabuku a Yunivesite amanena kuti wopempha akhale ndi makirediti 5, Cingerezi ciri cimodzi mwa iwo. Mau amenewa ali oona, koma anapusitsa mabanja ambiri. Makirediti 5 amampatsa munthu cilolezo ca kupempha, sampatsa mpando. Mpando umaperekedwa motere: akuru a sukulu awerenga malo amene ali nao, andandalika opempha onse kuyambira wopambana koposa, ndipo alandira kucokera pamwamba kufikira malo atatha. Pamene malo athera, pomwepo ndiye pa malire a caka cimeneco. Mwacitsanzo, sukulu ikakhala ndi malo 100 ndipo opempha ali 900, wa nambala 101 atsala, ngakhale wasiyana ndi wa nambala 100 pa pointi imodzi yokha. Cifukwa cace malire sakhala pamodzi-modzi. Caka cimene ana acita bwino m'dziko lonse malire amakwera, ndipo mau akuti "mkuru wace analowa ndi mapointi omwewa" sathandiza kanthu pa ofesi. Maphunziro a udotolo, a uinjiniya, a malamulo ndi a za mankhwala ndiwo amakhala ndi mkangano waukuru koposa, ndipo kumeneko ngakhale mwana wa mapointi okoma agona tulo ta nkhawa.

Ndiponso si mapointi okha amene amayang'anidwa, koma maphunziro amene mapointiwo acokera. Mwana angakhale ndi 1 m'mbiri yakale, m'maphunziro a cipembedzo ndi m'cinenero ca kwao, koma akakhala ndi 6 m'masamu, sukulu ya uinjiniya siimuona. Ofuna udotolo afunika masamu, bayoloji, kemisitiri ndi fizikisi. Apa ndi pamene pali cinthu comvetsa cisoni, pakuti cisankho ici sicicitika pa tsiku lolemba fomu ya Yunivesite, koma zaka 3 m'mbuyo mwace, pamene mwana alowa makalasi a pamwamba a sekondale napatsidwa kalasi. Pa tsiku limenelo makolo ambiri sapita ku sukulu. Atate ali pa shifiti, amai ali ku msika, ndipo mwana wa zaka 15 alowa kalasi imene mnzace walowa, kapena imene ana ena amuuza kuti mphunzitsi wace sakalipa. Zaka zitapita, banja lidabwa kumva kuti khomo la udotolo linatsekedwa kale-kale, popanda wina womva kulira kwa citseko. Kholo lotaya theka la tsiku kukakhala pansi ndi mphunzitsi wa zolangiza pa nthawi imeneyo lacita nchito yoposa kugula mabuku 10. Masukulu monga Mukuba, Helen Kaunda, Kitwe Boys, Chiwala ndi Fatima aturutsa ana ambiri opita ku Yunivesite, koma ngakhale m'menemo si kalasi iri yonse imene ipita kumodzi.

Makolo a ana ang'ono adziwenso kuti m'caka ca 2025 Boma linayamba dongosolo latsopano la sekondale, lobwezera maina a Form, ndi mayeso a Ordinary Level pa Form 4 ndi makalasi a Advanced Level pa Form 5 ndi Form 6. Cotero Form VI ija imene a Lockwood anailambalala yabwereranso pakhomo, ndipo mabanja amene ana ao ali m'dongosolo limeneli ayenera kufunsitsa kwa aphunzitsi akuru za cimene Yunivesite idzafuna pa nthawi yao. Safunsa anadya phula.

Kulandiridwa sikutha kwa mkangano ai. Kwa zaka zambiri pa Yunivesite ya Zambia ofuna udotolo, uinjiniya, migodi ndi zaulimi amayamba onse pamodzi m'sukulu ya Natural Sciences, ndipo pakutha pa caka coyamba amagawidwa monga mwa mayeso a caka cimeneco. Ofuna malamulo amayamba m'sukulu ya Humanities nakanganiranso malo ocepa comweco. Ambiri amene analengezedwa m'komboni kuti ndi madotolo, phwando nkudyedwa, anabwera pambuyo pace ndi digiri ina. Malamulo a cilowedwe amasintha, ndipo wopempha awerenge bwino cilengezo ca caka cace, adziwe ngati alowa mwacindunji m'phunziro limene afuna kapena ayamba ndi caka ca mpikisano. Ndipo acibale acepetse nthungululu kufikira caka coyamba citatha, cifukwa katundu wa dzina la "dotolo" pa mutu wa mwana wa zaka 19 ali wolemera.

Za fomu yeni-yeniyo zingaoneke zazing'ono, koma ndi pamene ambiri amapunthwa. Masiku ano mafomu amalembedwa pa intaneti, ndipo ndarama yopemphera imalipidwa ku banki monga mwa cilengezo. Mwana wopanda kompyuta amapita kwa anyamata a m'timashopu ta intaneti, ndipo palibe coipa pamenepo, malinga akhale pambali pao nawerenge ndi maso ace mau ali onse asanatumizidwe. Pakuti wolemberayo ali ndi anthu ena 20 pambuyo, ndipo sadziwa kusiyana kwa phunziro ili ndi ilo. Dzina la pa fomu lifanane ndi la pa satifiketi ndi la pa citupa ca reji, cimene munthu amatenga akafika zaka 16. M'mabanja a kuno mwana amatha kulembetsa sukulu ndi dzina la amalume amene anamlera, natenga reji ndi dzina la atate wace. Kusiyana kotere kukonzedwe msanga ndi kalata ya lumbiro, kusanafike pa desiki la Yunivesite. Mapepala ojambulidwa adindidwe ndi woyenera kudinda, risiti ya ku banki isungidwe, ndipo nambala ya foni yolembedwa ikhale imene idzalira ndithu pakapita miyezi, osati ya mnansi wosamuka. Tsiku lotsekera likadutsa, palibe misozi imene imalibweza.

Pa fomu pamakhala malo osankha phunziro loyamba ndi lina lotsatira, ndipo apa pafunika mtima wodekha. Kulemba maphunziro a mkangano waukuru m'malo onse kuli ngati kuchera misampha yonse pa njira imodzi. Wanzeru aika pamwamba cimene mtima wace ufuna, ndipo pansi aika cimene mapointi ace angafikire popanda kukaika. Apemphanso ku masukulu angapo, ku Riverside, ku Lusaka, ku Mulungushi ya ku Kabwe, kapena ku Mukuba ya ku Itimpi, cifukwa kupempha kumodzi sikuletsa kwina.

Pa kusankha kumeneku pali mkangano umene umamveka kawiri-kawiri m'nyumba za anthu a mgodi, ndipo uyenera kuchulidwa. Mwana anena kuti, "Atate, mundilole ndilembe za migodi." Ndipo mkuru uja, amene anayamba ndi fosholo pamodzi ndi amalaisha, amene cifuwa cace cidziwa fumbi la pansi, ayankha kuti, "Mwana wanga, ine ndinatsika pansi zaka zonsezi kuti iwe usatsike. Lemba udotolo." Palibe amene angaseke mau a kholo lotere, pakuti liri ndi zipsera zocitira umboni. Koma liiwala cinthu cimodzi. Amene amalamula pamene mcirikizo uimikidwe, mpweya upite kuti, ndi pamene munthu wa fosholo aime, ndiye injiniya wa migodi. Ndipo mpando umenewo ukakanidwa ndi ana a anthu odziwa pansi, udzakhalidwa ndi munthu amene atate wace sanamve konse kununkha kwa wonga m'ngalande. Yunivesite ya Zambia iri ndi sukulu ya migodi, ya Copperbelt irinso nayo. Tsono mwana wokakamizidwa kulowa udotolo, ulendo wa zaka 6 kapena 7, pamene mtima wace uli pa miyala ndi makina, kawiri-kawiri amatopera pa njira, ndarama za banja zitapita kale.

Za atsikana, makolo ena akali ndi maganizo akuti ndarama ikacepa apite mnyamata. Adziwe kuti Yunivesite ya Zambia inaika lamulo losungira atsikana malo 30 mwa 100 ali onse, ndipo otsalawo akanganirane onse pamodzi. Ndiponso kuti kuyambira caka ca 1997 mtsikana wotenga pakati ali pa sukulu aloledwa kubwerera atabereka. Mtsikana wa masamu abwino asabisidwe kukhichini.

Tsopano ndarama. Kuyambira January 2022 masukulu a Boma saliritsa malipiro kufikira kumapeto kwa sekondale, koma ufulu umenewu sulowa pa cipata ca Yunivesite. Kale kunali komiti ya mabasare, ndipo ophunzira ambiri amayesa cithandizo cace mphatso. M'caka ca 2016 lamulo latsopano linakhazikitsa bungwe la ngongole za maphunziro apamwamba, lodziwika ndi zilembo za HELSB, ndipo m'caka ca 2018 linayamba kulonjerera ngongole kwa amene anathandizidwa kuyambira caka ca 2004, podula pa malipiro ao a mwezi. Cotero banja lidziwe kuti iyi ndi ngongole, ndipo mwini kubweza ndiye mwanayo. Lidziwenso kuti kalata yolandiridwa ku Yunivesite siibwera ndi ngongole m'thumba mwace. Kumeneko nkupempha kwina, kwa fomu yace ndi tsiku lace lotsekera, ndipo opempha amacuruka kuposa opatsidwa. Ena amalipiriridwa zonse, ena gawo lokha. Cilengezo cimachulanso zaka zimene wopempha ayenera kuti anatsiriza sukulu, kotero kuti wokhala pakhomo nthawi yaitali alikuyembekeza angapeze kuti nyengo yace yapita. Mwana wamasiye asonkhanitse msanga makalata a imfa ya makolo, ndipo wa kholo locotsedwa nchito asunge kalata ya ku kampani. Ndarama ya cakudya ya ophunzira inacotsedwa m'caka ca 2019 nibwezedwa m'caka ca 2023, ndipo ici ciphunzitsa kuti banja lisamange nyumba yonse pa mzati wa Boma wokha.

Apa mwana wa ku Kamitondo wolandiridwa ku Riverside ali ndi mwai umene wa ku Lundazi kapena wa ku Mongu alibe. Zipinda zogona za pa Yunivesite sizikwanira, ndipo a kutali amalipira ndarama zambiri m'nyumba za lendi. Iye angathe kugona kwao ndi kudya nsima ya amai wace. Koma nyumba ya zipinda ziwiri yokhala anthu 8 siiri malo owerengera, ndipo banja lofuna digiri liyenera kupereka ngodya imodzi, nyali, ndi maola a cete, ngakhale wailesi yomwe izimitsidwe.

Pamene pali njala ya malo, afisi safika mocedwa. Amamveka anthu onena kuti ali ndi m'bale ku ofesi amene angalowetse dzina pa mndandanda, munthu akapereka kangacepe. Ena amagulitsa mapepala amene ati ndi mayeso obedwa, ena satifiketi zopeka. Bungwe la mayeso limafafaniza zotsatira za wogwidwa ndi cinyengo, ndipo Yunivesite imatsimikiza mapepala a olowa. Wolowa ndi pepala lonama angacotsedwe ngakhale ali m'caka cacitatu. Amene masamu kapena sayansi zinamgwetsa ali ndi njira yoongoka, ndiyo kulembanso phunzirolo pa mayeso a GCE, amene amalembedwa ndi anthu oturuka kale sukulu.

Alipo ana ena, ocepa, amene maso ao ali kutsidya kwa nyanja, ndipo nao ayenera kumva zoona. Yunivesite ya Harvard, ku America, m'caka ca 2022 inalandira mapempho opitirira 61,000, ndipo olandiridwa sanafike 2,000. Ndiye kuti mwa 100 ali onse, 96 ndi kupitirira anabwezedwa, ambiri a iwo oyamba m'masukulu ao. Kumeneko sayang'ana mayeso okha. Amafuna makalata a aphunzitsi omdziwa mwanayo, mayeso ena ochedwa SAT, ndiponso nkhani yolembedwa ndi mwini wace yofotokoza moyo wace ndi maganizo ace. Pa nkhani imeneyi ana a kuno amalakwa pofuna kumveka ngati ana a ku Ulaya, kapena pongondandalika umphawi wao. Pamene mtsikana amene anasunga buku la ngongole za pa kantemba ka amai wace kwa zaka 4, nazindikira cifukwa cace malonda amagwa mwezi ukafika pakati, ali ndi kanthu kofotokoza kamene mwana wa ku New York alibe. Cokoma cace ncakuti Harvard ndi masukulu ena ocepa olemera amalipirira wolandiridwa wosauka monga mwa kusowa kwace, ngakhale ali mlendo. Ku Mangalande njira iri ina: Oxford ndi Cambridge amatseka mapempho pakati pa mwezi wa October, pafupi caka cathunthu maphunziro asanayambe, amafuna mayeso a msinkhu wa Advanced Level, ndipo cithandizo ca ndarama kwa mlendo woyamba digiri ciri cosowa. Malamulo a viza nao amasintha-sintha, ndipo afunsidwe ku ofesi ya kazembe ndarama isanatayidwe. Bungwe la HELSB limalengezanso malo operekedwa ndi maiko ena, monga China ndi Russia, kumene wophunzira kawiri-kawiri amayamba ndi caka cophunzira cinenero. Wopempha kunja apemphenso kwao nthawi yomweyo.

Nanga amene dzina lace silinaturuke? Kale maina a olandiridwa amasindikizidwa m'manyuzipepala, ndipo Times of Zambia imodzi imayenda nyumba 10 kufikira itang'ambika. Lero mwana amaona yekha pa foni, ndipo kawiri-kawiri amakhala masiku angapo osanena kanthu. Makolo aone nkhope yace, ndipo asamlalatire, pakuti anagwa pa mpikisano umene ogwa ali ambiri kuposa opambana. Ku Ndola kuli Northern Technical College, kumene kwaturuka amisiri a magetsi ndi a makina amene migodi imawafuna. Ku Kitwe kuli koleji ya aphunzitsi ndi masukulu a nchito za manja. Kuyambira caka ca 2022, pamene thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kufika K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu, gawo lina linapatulidwira kulipirira acinyamata maphunziro a luso, ndipo mafomu ace amadzera ku komiti ya citukuko ya m'wadi. Ambiri analowa Yunivesite pambuyo pace ndi dipuloma m'manja, ali kale pa nchito.

Ndipo wolandiridwayo awerenge kalata yace kufikira mzere wotsiriza. M'menemo muli tsiku lokaonekera, gawo la malipiro lofunika asanalembetse, ndi mapepala oyenera kunyamula, satifiketi yeni-yeni pamodzi ndi reji. Ngati yankho la ngongole lacedwa ndipo ndarama siinakwane, asakhale cete kunyumba kuyesa kuti malo amdikira. Apite yekha ku ofesi yolembetsa, kalata iri m'manja, akafunse ngati angalipire pang'ono-pang'ono kapena kusungitsa malo ace kufikira caka camawa, ndipo yankho limene ampatsa alipemphe lolembedwa.